Komwe Atcheya Ankasamba M'manja

1

Amuna anga sanabadwe ali Atcheya. Pamene ndinkakwatiwa nawo anali munthu wamba wogulitsa ndowa, mabeseni ndi makapu apulasitiki mumsika, ndipo nkhani yaitali kwambiri imene anali atakambapo pagulu inali yakuti mtengo satsitsa. Udindo unawagwira chaka cha mliri chija monga mmene chimfine chimagwirira munthu: anangoima pafupi ndi anthu amene anali nawo.

Ine ndine telala. Ndili ndi kashopu chakumapeto, m'kati mwa msika womwewo, muli makina awiri osokera, amodzi osoka, enawo oikapo lumo ndi kapu ya tiyi. Zimene ndikuuzeni pano ngakhale ana anga sazidziwa zonse. Amadziwa kuti bambo awo anasamuka. Sadziwa kuti chinawasamutsa ndi kansalu kosaposa chikhatho.

Ana anali atakula n'kupita kukafuna moyo kwina, choncho pakhomo tinali atatu: ine, amuna anga ndi mayi anga. Mayi anali ndi mphumu ya zaka zambiri, ndipo kampope kawo kopopera m'kamwa sikankachoka m'thumba la diresi. Chifuwa chinali chofooka, koma lilime ayi. Mkamwini wawo ankamutchula kuti a Wailesi, ati chifukwa ukamuyatsa m'mawa amazima yekha batire ikatha. Amuna anga ankaseka nawo. Ankagwirizana ndithu anthu awiriwa, ndipo mankhwala a mphumu akatha, amene ankathamangira kufamase anali iwowo.

Khonsolo italengeza kuti msika utsekedwa ndipo aliyense abindikire m'nyumba, amalonda anasonkhana pachipata. Aliyense ankalankhula, palibe ankamva. Amuna anga anavundikira ndowa pansi n'kukwerapo. Ndowayo inali ya pabenchi pawo pomwe, ndipo ndichitire umboni kuti katundu wawo anali wolimba.

"Mukatitsekera m'nyumba," anatero, "tizikadya makoma?"

Msika wonse unaphulika ndi m'manja. Nanenso ndinaomba mpaka zikhatho kuwawa. Sindinama, funsolo linali loona. Ambiri a ife tikapanda kugulitsa lero, mawa moto suyaka, ndipo mpaka pano palibe wa kukhonsolo amene anabwera kudzatiyankha. Tsiku lomwelo anasankhidwa kukhala mkulu wa komiti yokana m'bindikiro. Anatsika pandowa paja ali Atcheya, ndipo kunena zoona, sanatsikeponso.

2

Choyamba kusintha chinali jekete. Anafukula ya paukwati wathu, ine n'kuimasula m'mbali kuti mimba ya utsogoleri ikwanemo. Kenaka kunabwera chimkuzamawu chobwereka, chomwe ankachigoneka pampando wakewake ngati mlendo. Kenaka anasiya kunena kuti "ine". Ngakhale mchere patebulo ankaupempha kuti, "Ife monga utsogoleri taona kuti ndiwozi zaperewera."

Mayi ankangoti, "Mwana wanga, apatse mchere onsewo."

Zikanathera pa jekete, bwenzi lero ndikukusimbirani nkhani yoseketsa. Koma gulu likakuombera m'manja limafuna mawa ubwere ndi zina zoposa zadzulo. Nkhani ya njala itazolowereka, Atcheya anayamba kunena kuti matendawo ndi a anthu okwera ndege. Kenaka anati kulibe n'komwe. Tsiku lina pazionetsero anakweza masiki pakamtengo n'kuiyatsa moto, anthu akuvina mozungulira. Chithunzi chake chinayenda m'mafoni a tauni yonse, ndipo iwo ankachionetsa ngakhale kwa anthu amene anawatumizira.

Apolisi ataletsa misonkhano pamsika, komiti inasamukira pabalaza pathu. Azibambo ankadzaza mipando, ena pansi, ena pawindo, mawindowo atatseka kuopa akazitape. Ankapatsana moni wa m'manja wautali dala, n'kumakhosomola monyadira ngati akuimba nyimbo ya chipani. Chipinda cha mayi chinali pomwepo. Chitseko chake chinathyoka kale, panali katani basi.

Ndinawapempha amuna anga kuti misonkhano azichitira panja pansi pa mtengo. Anati utsogoleri si msonkhano wa nkhuku. Ndinawapempha kuti mwina tiike pakhomo ndowa ya kampopi, anthu azisamba m'manja. Ndowa zoterezi ankagulitsa okha, ndipo nthawi imeneyo zinkatha ngati zaulere.

"Madamu," anatero, "pakhomo pa Tcheya pakhale ndowa? Wina akajambula, nkhondo yonse yathera pomwepo."

Nditawakumbutsa kuti ndowazo akugulitsa ndi iwo, anandiuza kuti malonda ndi ndale sizifunda bulangete limodzi. Nditawakumbutsa za chifuwa cha mayi, anapita pakatani paja n'kufuula mwaulemu kuti apongozi asaope, matenda a pawailesi sagwira munthu wopemphera. Mayi anayankha ali m'katimo kuti a pawailesi sawaopa, akuopa a Wailesi.

Masana ambiri Atcheya ankapita kukalimbikitsa nthambi ya komiti ya kutsidya kwa njanji. Ankabwerako akununkhira sopo, manja ali mbuu mpaka m'zigongono. Ndinkati mumtima, nthambi imeneyo ndiye yaukhondo, bwenzi atabwera kudzaphunzitsa anzawo a pabalaza panga.

3

Kasitomala wanga wina, namwino, anandionetsa kasokedwe ka masiki yabwino: nsalu zitatu zosanjikiza, yapakati yothina ulusi. Ndinayamba kusoka mobisa, chitseko cha shopu nditakankhira, ngati munthu wophika kachasu. Mkazi wa Tcheya kupezeka akusoka zimene mwamuna wake akuwotcha, ikanakhala nkhani.

Ya mayi ndinaisoka mwapadera. Ndinali nditawasokera diresi ya nsalu yobiriwira yokhala ndi timbalame tachikasu, imene ankaikonda kuposa zonse, ndipo tizidutswa take ndinasunga. Tinakwana mamasiki anayi. M'malo mwa lasitiki, amene ankawapweteka m'makutu, ndinaika zingwe zomanga kunkhongo. Ndili pakati posoka, ulusi wobiriwira unatha m'bobini, muja mumakhala ulusi wapansi wa makina, ndipo ogulitsa ulusi anali atatseka kale. Ndinaikamo wofiira. Kunja msoko unali wobiriwira bwinobwino, koma ukatembenuza mpendero, mkati munali mzere wofiira. Telala aliyense akanandiseka, koma ndinati aona ndani.

Mayi ataivala anadziyang'ana pagalasi n'kunena kuti akuoneka ngati mbava yopuma pantchito. Komabe ankaivala nthawi zonse komiti ikabwera, atakhala pabedi pawo kuseri kwa katani.

Sabata yomweyo khonsolo inatsekadi msika, ndi maloko akuluakulu, makina anga ali m'kati. Ndipo m'mawa wina nditatsegula dirowa ya mayi, ndinapeza mamasiki atatu mulibe. Inatsala imene anavala dzulo lake.

Mlendo yekhayo amene analowa m'chipindamo anali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anabwera kudzazonda mayi. Ine ndi iwo tinali kale ngati mphaka ndi galu odyera mbale imodzi. Sindinafufuze. Ndinawaitanitsa, n'kuwafunsa pamaso pa mchimwene wawo ngati manja awo anayamba liti kuyabwa. Analumbira, analira, anatchula ndi malemu mayi awo. Ine ndinatchula zina zakale zimene sizinkakhudzana ndi nsalu. Atcheya anakhala pampando wawo, chimkuzamawu chili pambali, maso ali kudenga.

"Ife monga utsogoleri," anatero pomaliza, "sitiweruza milandu ya tinsanza."

Alamu anga anachoka atanena kuti pakhomo panga adzapondanso pa maliro pokha.

Ndikanatha kusoka ina pamanja. Singano ndinali nayo, nsalu yakale sinkasowa. Ndinkangoti mawa. Masiki imodzi yotsalayo tinkaichapa n'kuiyanika, ndipo tsiku la msonkhano waukulu wokonzekera kukatsegula msika mwamphamvu, kunja kunali mitambo, iyo ili pachingwe ikudontha madzi. Pabalaza panadzaza mpaka ena anatsamira katani ya mayi.

4

Anayamba ndi Atcheya. Thupi linatentha, mawu anasasa, chakudya ankati sichikumveka kukoma ngakhale ndithire mchere wa utsogoleri wonse. Anati ndi kutopa ndi ntchito za anthu. Anachititsabe msonkhano wina atafunda bulangete, ndipo masana amenewo, kwa nthawi yoyamba, kunthambi ya kutsidya kwa njanji sanapite. Anangoimba foni ali kuseri kwa nyumba, motsitsa mawu.

Kenaka mayi. Kampope kawo kanasiya kugwira ntchito. Ankapopera, n'kupopera, chifuwa chikungolira ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinaimbira namwino uja, ndipo ambulansi inabwera dzuwa lili pamutu, anthu a mumsewu wathu onse ataima m'makonde mwawo.

Mayi anakana kukwera asanasinthe. Anati sangakaonekere kwa madokotala ngati munthu wotoledwa, ndipo ndinawaveka diresi yobiriwira ija, iwo akupuma mawu amodziamodzi. Atcheya, amene nawonso miyendo inali itakana, anakwera atadzifunditsa jekete kumutu kuti asajambulidwe. Mayi anawayang'ana n'kunong'ona kuti, "Batire yatha."

Awa ndi mawu omaliza amene ndinawamva m'kamwa mwawo.

Ine anandiyeza n'kundipeza ndilibe, sindidziwa kuti zinatheka bwanji. Odwala mliri ankawagoneka m'matenti kuseri kwa chipatala, mkati mwa mpanda wa waya. Abale sitinkaloledwa kulowa. Masana tinkaima kunja kwa waya, motalikirana, aliyense ndi kadengu kake, mpaka namwino wovala ngati wopita kumwezi atabwera kudzalandira chakudya ndi kutiuza mawu awiri atatu. Ine ndinkanyamula madengu awiri. A komiti sanabwere ndi mmodzi yemwe. Anatumiza uthenga pafoni wakuti ali nafe limodzi mumzimu.

5

Tsiku lina ndili pawaya paja, ndinaona timbalame tachikasu.

Tinali pankhope ya mtsikana wina wamng'ono thupi, khanda lili kumbuyo, kadengu kali m'manja. Zingwe anamanga kunkhongo. Ndinati mumtima, alamu anga aja anafika pogulitsa. Ndinamusendera mwaulemu wonse umene ndinatha kuupeza.

Ndinamuuza kuti ndine telala ndipo masiki yake yandisangalatsa, kodi ndingaone kasokedwe kake. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, monga munthu wophunzitsidwa bwino, n'kutembenuza yekha mpendero wa pachibwano. Mzere wofiira.

Nditafunsa kumene anaigula, anati sanagule, anabweretsa ndi bambo a mwanayo. Anabweretsa atatu: yake, yawo, ndi ina yosinthira. Ati anagula kwa telala wina wa kumsika, mayi wolongolola koma wa dzanja labwino.

Ndinati telalayo ndikumudziwa.

Mtsikanayo anali ndi masiku ambiri osalankhula ndi munthu wamkulu, ndipo mawu anangokhuthuka. Anati sakumvetsa kuti matendawa anawagwira bwanji bambo a mwanayo, munthu wosamala chotero. Pakhomo anaikapo ndowa ya kampopi mliri utangoyamba. Akafika amasamba mpaka m'zigongono, jekete ndi nsapato amasiya pakhonde, ndipo mwana samunyamula asanavale masiki. Alendo analetsa, ngakhale mayi ake a mtsikanayo amacheza nawo pawindo. Thupi litangotentha, anaimba foni kuti sabwera, ndipo iye apite akayezetse ndi mwana yemwe. Onse anawapeza alibe.

"Mwanayu anabadwa osakwana masiku," anatero. "Ndiye amati, amayi a mwana, matendawa si masewera, akalowa m'nyumba amasankha wofooka."

Ndinafunsa ngati bambowo si omwe aja anawotcha masiki pamsika. Anaseka mwamanyazi.

"Zimene zija ndi za ntchito chabe. Amati anthu ukawauza zoona sakuombera m'manja."

Ndinafunsanso, mawu anga ali bwinobwino ngati ndikufunsa muyeso wa m'chiuno, ngati bambowo alibe banja lina. Anati mkazi analipo, koma zinatha kalekale, amangokhala nyumba imodzi chifukwa cha apongozi odwala amene iwo amawamvera chisoni.

Apo namwino anafika. Mtsikanayo anapereka dengu lake n'kutchula dzina la amuna anga, lonse, ndi lapakati lomwe. Ine ndinapereka dengu la mayi. Namwino anati salandira, chifukwa mayi awaika pa mpweya wa m'botolo ndipo sakudya. Anawavula zovala zawo n'kuwaveka za chipatala. Anandipatsira pamwamba pa waya jumbo yoonekera mkati, yomanga kawiri, n'kundiuza kuti ndikaviike m'madzi otentha ndisanachape.

M'jumbomo munali diresi yobiriwira.

Mtsikanayo anayang'ana jumbo. Anayang'ana dengu lachiwiri limene linali likadali m'manja mwanga. Kenaka dzanja lake linakwera pang'onopang'ono mpaka pankhope pake, n'kugwira timbalame tija. Ndinaona akufuna kumasula zingwe.

"Usavule," ndinatero. "Pano ndi pachipatala, ndipo uli ndi mwana."

Dengu la Atcheya ndinapatsa mayi wina amene anabwera chimanjamanja.

6

Mayi anapita sabata isanathe. Sindinawagwire dzanja, sindinawasambitse. Anatipatsa bokosi lokhomakhoma, ndipo kumanda tinaloledwa anthu owerengeka. Ana anga anaonera pafoni. Azibambo aja amene ankatsamira katani ya mayi sanaoneke, ati kuopa matenda.

Alamu anga anabwera, monga ananenera. Pobwerera ndinagwada pamsewu pomwepo, fumbi lili m'mawondo, n'kuwapepesa. Anandidzutsa. Patsogolo pang'ono anandiuza kuti za mtsikanayo ankazidziwa, banja lawo lonse linkadziwa, koma za mamasiki sanaganizepo. Anati tsiku lija mchimwene wawo akuyang'ana kudenga, iwo ankaganiza kuti akuchita manyazi ndi mkazi wake.

Atcheya anatuluka m'chipatala atatha ngati chingwe, jekete ikulendewera. Anafika masana pa takisi. Pakhonde anapeza ndowa yatsopano ya kampopi, yogula kwa mnzawo wa benchi yoyandikana ndi yawo, sopo ali pambali. Anaima n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wojambula.

"Sambani," ndinatero.

Anasamba. Ndinaima n'kumaonerera. Anakwinya malaya, anapaka sopo kuseri kwa manja, pakati pa zala, m'zikhadabo, mpaka m'zigongono, osafulumira. Namwino sakanawaposa. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinkadziwa kuti ndili ndi katswiri m'nyumba.

Atamaliza ndinawapatsa masiki yachinayi, yochapa ndi kusita, mzere wofiira uli pamwamba. Ndinawauza kuti atatu enawo akudziwa kumene ali.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa. "Madamu, ife monga..." Anakhala pansi pa sitepe, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire pandowa paja anati "ine".

"Ine ndinkaopa. Mwana uja anabadwa osakwana masiku."

"Nanga mayi anga," ndinafunsa, "munaona kuti masiku awo akwana?"

Anayamba kufotokoza kuti pakhomo pano ndi pamene anthu ankayang'ana, kuti akanaika ndowa gulu likanabalalika, kuti ankaganiza kuti katani ija ikwanira, kuti apongozi ankawakonda ngati mayi wawo. Analira, ndipo ndikukhulupirira kuti misoziyo inali yeniyeni. Ndinawasiya amalize, chifukwa munthu wodwala sumudula mawu.

Za mtsikanayo sindinakalipe. Mwina mudabwa. Amuna kukhala ndi nthambi kutsidya kwa njanji si nkhani imene ingaimitse minibasi, ndipo akanakhala kuti analidi wopusa wokhulupirira kuti matenda kulibe, bwenzi nditawakhululukira, chifukwa uchitsiru ndi matenda nawonso. Koma ankadziwa. Analowa m'chipinda cha munthu wopuma movutikira, anatsegula dirowa yake, anawerenga anayi n'kusiya imodzi.

Sutikesi yawo inali kale kuseri kwa chitseko, zovala zonse zositasita, chimkuzamawu chili pamwamba.

"Kwanu ndi kumene mumasamba m'manja," ndinatero. "Takisi ija sinapite patali."

7

Msika unatsegulidwa, ndipo makina anga ndinawapeza ali ndi dzimbiri pang'ono koma amoyo. Alamu anga masiku ano amabwera kushopu kudzandithandiza kusita, ndipo timakangana za zinthu zina. Mtsikana uja anabwerapo kamodzi, mwana akuyenda yekha, kudzapepesa. Ndinamuuza kuti iye sanatsegule dirowa ya munthu. Mwanayo ndinamuyeza, n'kumusokera kamalaya. Ali ndi mphumi ya bambo ake, koma zimenezo si mlandu wake.

Atcheya sanasowe pogwira. Khonsolo inawaika m'komiti yake ya zaumoyo monga munthu amene anaona yekha, ndipo tsopano amamveka pawailesi sabata iliyonse akuphunzitsa anthu kasambidwe ka m'manja. Amaphunzitsa bwino. Ndikawamva ndimaganiza kuti mayi anali mneneri, kenaka ndimazimitsa, poti iyi yokha ili ndi batani.

Inu amene mukuwerenga, musandimve molakwa. Amene tinkaopa njala chaka chija sitinali openga, ndipo mukandibwezera pachipata paja lero, funso la makoma lija ndidzaliomberanso m'manja. Chimene sindinachite n'kutsatira mawuwo mpaka kunyumba kuti ndione ngati mwiniwake akuwadya. Munthu akaima pandowa n'kukuuzani kuti musaope, muomberenitu m'manja ngati mukufuna, koma mukafufuze kuti ndi pakhomo pati pamene iye amavula nsapato, ndipo ndani amene wamuika kuseri kwa katani. Mukapeza kuti kuseri kwa kataniko kuli mayi anu, musadikire makina, tengani singano tsiku lomwelo.

Diresi yobiriwira ija ndinaiviika m'madzi otentha monga ananenera namwino. Pochapa ndinapeza kampope ka mayi m'thumba. Ndinakabwezera momwemo.